Sabata imene anandikulungira chithunzi chosauma

Aliyense amene anagwirapo penti ya mafuta amadziwa kuti siuma ngati chovala chapachingwe. Mafuta a linseed, amene amakhala mu pentiyi, amayamwa mpweya pang'onopang'ono n'kumalimba, moti pamwamba pamatha kuoneka pouma pamene mkati mudakali mofewa. N'chifukwa chake vanishi yomaliza timadikira miyezi 6, ena mpaka chaka chathunthu. Zimenezi ndinazilemba mu mgwirizano wanga ndi oitanitsa chithunzi, ndinazinenanso pakamwa. Koma ukamagwira ntchito ndi anthu amene kwa iwo chithunzi ndi katundu wongonyamula basi, kulemba ndi kunena zonse zimapita pachabe.

Lolemba kunalibe chachilendo. Kukoka kanvasi pa mafelemu, kupaka gesso (choyera chimene timayamba kupaka pa kanvasi tisanajambule), kutsuka mabulashi amene ophunzira anawasiya m'tapentaini (mankhwala osungunulira penti) mpaka ubweya kupindika. Situdiyo yathu timagawana anthu angapo, ndipo fani yotulutsa mpweya inafa kalekale. Eni nyumba amangoti akonza, koma lendi salephera kudzatenga pa tsiku lake. Pofika masana mutu umakhala ukugunda ndi fungo. Mababu oyera aja atapsa anatiikira achikasu, ndiye mtundu umene wasakaniza madzulo ukadzauona m'mawa umapeza ndi wina. Masiku ano dzuwa likapendeka nkhope ya pachithunzi sindiigwiranso.

Ntchito yaikulu imene inali pa easel, choimikapo kanvasi pojambula, inali chithunzi cha mayi wina wachikulire amene anayambitsa bungwe lina, ndipo a bungwelo ankafuna kuchipachika pa mwambo wowakumbukira. Mayiwo anatisiya, choncho ndinkadalira zithunzi zakale zofwifwa, zina zothothoka m'makona. Nkhope ndiyo inandidyera nthawi. Mwana wawo anandiuza kuti amayi ankamwetulira mbali imodzi yokha, ndipo ndinakufunafuna kumwetulirako mpaka ndinakupeza pa kamzere kakang'ono pansi pa tsaya lakumanzere. Pachipumi ndi pamphuno ndinaika penti yoyera ya titanium white yokhuthala. Anzanga mukudziwa kuti zoyera zambiri amazisakaniza ndi mafuta a safflower kuti zisachite chikasu, ndipo mafuta amenewo amachedwa kuuma kuposa a linseed. Kumbuyo kumene ndinapaka penti yabulawuni ya umber kunali kutalimba kale, koma nkhope inali idakali yanthete.

Lachiwiri foni inalira, anali a bungwe aja. Mwambo ausendeza pafupi chifukwa alendo olemekezeka sapezeka tsiku lija tinagwirizana, ndiye chithunzi chikufunika mawa. Ndinati, "Bwana, nkhope sinaume. Ngati n'zoti anthu achione basi, ndichiika m'bokosi lomwe palibe chokhudza penti, ndikachipachika ndekha, ndipo mwambo ukatha chibwerere kuno chidzaume." Anavomera, n'kunena kuti atumiza galimoto masana idzanditenge pamodzi ndi chithunzicho.

Galimotoyo inabwera m'mawa, ine ndili kokaphunzitsa. Woyang'anira nyumba anawatsegulira situdiyo osandiimbira n'komwe. Bokosi linali pambali pa chitseko, nditalilemba ndi zilembo zikuluzikulu, koma palibe analiyang'ana. Anatenga pepala la pulasitiki la timatumba ta mpweya lija, n'kukulunga chithunzi timatumbato titaloza mkati, kumanga ndi tepi kuti gwa, n'kuchigoneka kumbuyo kwa galimoto. Atatero anapita kukanyamula mipando kwina, galimoto ili padzuwa.

Nditafika kuholo ndinachipeza chitatsamira khoma, chidakali chokulunga. Pomatula pepalalo ndinamva kaphokoso konanda, ndipo ndinadziwiratu ndisanaone. Chipumi chonse chinali timadontho tozungulira, tondandalikana mizeremizere mpaka m'nsidze. Patsaya, pamene panali kamzere ka kumwetulira kaja, penti inali itamatirira ku pepala n'kuchoka nayo. Ndinaima pamenepo pepalalo lili m'manja, kachidutswa ka nkhope ya mayi aja kali pomwepo, anthu akudutsa ndi mipando ndi maluwa. Mawu anandithera. Mnyamata wina amene anakulunga nawo anabwera pafupi n'kufunsa motsitsa kuti, "Achimwene, kodi talakwitsa?" Ndinangogwedeza mutu. Iyeyo ndi dalaivala sindiwasungira mangawa, chifukwa palibe anawauza kanthu. Amene anamva mawu anga pafoni ndi amene sanapereke uthenga.

Chondipweteka kwambiri chinabwera Lachinayi. Mkulu woyendetsa mwambo anandiitanitsa ku ofesi. "Bambo, ife tinaitanitsa chithunzi chomalizika, inu mwatipatsa chonyowa." Ndinawaonetsa mgwirizano, ndinawaonetsanso uthenga wapafoni pomwe anavomera za bokosi. Anangoponyapo diso n'kunena kuti ndalama yotsala aiona ndikakonza. Kenako anawonjezera mawu amene ndawamva kwa anthu ambirimbiri chiyambire ntchitoyi: "Inu aluso mumapanga zimenezi chifukwa chokonda, kukonzako sikungakuvuteni."

Ntchitoyi ndimaikondadi, ndipo sindichita nazo manyazi. Koma zimandiwawa kuti chikondi chomwecho anthu amachisandutsa chifukwa chotimanira malipiro. Amatitamanda kuti ndife odzipereka pa nthawi imene akufuna tigwire usiku wonse, ndipo tikatulutsa invoyisi amadabwa ngati tawachita chipongwe. Anzanga ambiri amene tinaphunzira limodzi, ena aluso kuposa ine, anasiya kujambula. Sikuti maganizo anawathera ayi. Anatopa n'kuthamangitsa ndalama zotsala, anatopa n'kugwira ntchito m'zipinda zopanda mpweya, n'kukafuna zina zochita. Tikamakamba za kudzipereka kwa waluso osatchula zimenezi, tikuwanamizira anthu amenewa kuti anali ofooka mtima.

Lachisanu ndinalowa mu situdiyo n'kungokhala pampando. Chithunzi ndinachitembenuzira kukhoma. Mtima wojambula ndinalibe, ngakhale wotsegula chubu cha penti. Achinyamata amakonda kundifunsa kuti maganizo a zojambula ndimawatenga kuti, ngati kuti liripo tsiku limene amangotsika okha. Kwa ine dzanja ndilo limayamba, mtima umatsatira pambuyo, nthawi zina mochedwa kwambiri. Choncho ndinatenga makala ndi pepala wamba n'kuyamba kujambula botolo la mabulashi lomwe limakhala pawindo. Nditamaliza ndinalijambulanso, chifukwa mthunzi unali utasuntha. Ndinapitiriza choncho mpaka masana. Zojambulazo si zoti ndingaonetse munthu, koma penapake m'kati mwake ndinaona kuti ndasiya kuganiza za ofesi ija, ndayamba kuyang'anitsitsa mmene kuwala kumathyokera pagalasi pamene pali mzere wa tapentaini.

Pa masiku ngati amenewa ndimakumbukira Claude Monet, wojambula wa ku France, amene pakati pa 1892 ndi 1894 anajambula kumaso kwa tchalitchi chachikulu cha ku Rouen pa makanvasi oposa 30. Khoma linali lomwelomwelo, chosintha chinali kuwala kokha, ndipo zinamukwanira. Sanadikire chinthu chatsopano choti chimutenge mtima, anangoyang'anitsitsa chomwe chinali patsogolo pake. Ndimakumbukiranso Henri Matisse, wojambula winanso wa ku France, amene atachitidwa opaleshoni mu 1941 sankathanso kuima nthawi yaitali pa easel. Anatenga sizasi n'kumadula mapepala amene omuthandiza ankawapaka penti ya madzi yotchedwa gouache, ndipo zina mwa ntchito zake zodziwika kwambiri zinachokera pamenepo. Mavuto anga sangafanane ndi a Matisse, koma njira yake ndi imene imandithandiza: mphamvu zikachepa, ntchito uichepetse mpaka ikwane m'manja, koma usaisiye.

Loweruka ndinatembenuza chithunzi chija. Pamene penti inali idakali yofewa ndinapala timadontho ndi mpeni wosakanizira, pang'onopang'ono kuti ndisafike pa gesso. Pamene inayamba kulimba ndapasiya kaye, pakauma ndidzapakwecha mopepuka ndisanapakenso, ndipo penti yapamwamba iyenera kukhala ya mafuta ambiri kuposa yapansi kuti isadzang'aluke. Kusitolo titanium white anatha, anandipatsa zinc white kuti ndi chimodzimodzi. Ndinakana, chifukwa zinc akakalamba amakhala wophweka kusweka, ndipo sindingaike zimenezo pankhope imene ikapachikidwa zaka zambiri. Ndidikira. Tsaya ndayamba kulimanganso, koma kamzere kaja sindinakapeze bwinobwino. Ndaimbira mwana wa mayi aja kuti adzabwere adzaone, chifukwa iye ndi amene angandiuze ngati amayi ake abwerera.

A bungwe ndawalembera kuti chithunzi sichituluka mu situdiyo kufikira ndalama yotsala italowa, ndipo kukonzaku kuli ndi mtengo wakewake. Mpaka pano sanayankhe. Mu mgwirizano wanga ndaonjezeramo mzere wakuti ntchito yosauma palibe wina wonyamula kupatula ine, ndipo kiyi wa chipinda changa ndamuchotsa kwa woyang'anira nyumba. Sabata yamawa ophunzira ankayembekezera kuyamba kusakaniza mitundu ya khungu, koma zimenezo zidikira. Tiyamba ndi kulongedza chithunzi.