Chimene chimatseka madzi pa sinki ndi pa mpopi

Pa maphunziro a ntchito ya mapaipi amene ndikuchita, gawo la masinki ndi mipopi landizoloweza kudzifunsa funso limodzi ndisanagwire chida chilichonse: kodi pamalo amene ndikulumikizawa, chimene chikutseka madzi kwenikweni n'chiyani? Yankho lake limasiyana malo ndi malo, ndipo ndi limene limandiuza chida choyenera komanso mphamvu imene ndiyenera kuika.

Pamene paipi yachitsulo ikulowa m'cholumikizira, madzi amatsekedwa m'mazinga momwemo, ndipo apa ndi pamene tepi yoyera ya PTFE imagwira ntchito yake. Tepiyo imakulungidwa motsatira mbali imene cholumikiziracho chidzazungulire pomanga, chifukwa ikakulungidwa mobwerera imamasuka n'kudzikundika kumapeto. Ndaphunziranso kuti zipangizo zambiri zimene timagula kuno zili ndi mazinga a BSP, muyezo wochokera ku Britain, amene mano ake amapendekeka madigiri 55, pamene a NPT a ku America amapendekeka madigiri 60. Pa saizi ya theka la inchi, mitundu yonse iwiri ili ndi mazinga 14 pa inchi imodzi, motero zimalowana ngati kuti n'zogwirizana, koma pakati pake pamatsala kampata kamene madzi sachedwa kukapeza. Munthu amene wabweretsa mpopi kuchokera kunja ayenera kuyamba waona zimenezi asanaganize kuti mmisiri ndiye walephera.

Kapaipi kofewa kamene kamachokera pa valavu ya pakhoma kupita ku mpopi n'kosiyana kotheratu. M'kati mwa nati yake muli washala walabala, ndipo ndiye amatseka madzi akakanikizidwa pamlomo wa valavu. Mazinga amangokoka zinthu ziwirizo kuti zigwirane. Kukulunga tepi pamenepa n'kuwononga tepi, ndipo nthawi zina imalepheretsa nati kufika pa washalayo. Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi chizolowezi chomangitsa mopitirira, poganiza kuti mphamvu ndiyo imaletsa kudontha, chonsecho mphamvuyo imadula labala, imang'amba nati yamkuwa, mwinanso kuswa beseni ladothi pamene mpopi wakhala. Kumanga ndi dzanja mpaka nati itaima, kenako n'kuwonjezera pang'ono ndi sipanala, kumakwanira.

Zida nazonso zili ndi malire ake. Sipanala yamano ya mapaipi, imene Daniel Stillson anailembetsa ku America mu 1869, inapangidwira kuluma paipi yozungulira, ndipo ikagwira mpopi wonyezimira imasiya zipsera zosafufutika. Pa manati okhala ndi mbali zosalala pamafunika sipanala yosinthasintha, ndipo pa nati yobisika kuseri kwa sinki pali sipanala yaitali ya mutu wopindika imene imafika pamene dzanja silingafike.

M'kati mwa mpopi wakale wopotokola, washala amatsikira pa kampando kamkuwa. Mpopi ukamadontha kukamwa, vuto limakhala washala kapena kampandoko. Ukamachucha m'munsi mwa chogwirira, vuto limakhala pa nati ya pakhosi kapena kamphete kalabala. Kusintha washala pa kampando kokumbika sikuthandiza kwa nthawi yaitali, pokhapokha kampandoko katapalidwa ndi chida chake kuti kasalale. Mipopi yamakono yotsegula mongokhotetsa pang'ono ili ndi timbale tiwiri tolimba tadothi timene timatsetsereka pamwamba pa tinzake, ndipo mdani wake wamkulu ndi mchenga. M'madera athu momwe madzi amasiya n'kubweranso ndi matope komanso dzimbiri la m'mapaipi akale, ndikuona kuti n'kulakwa kulumikiza mpopi wotere usanatsegule valavu kuti madzi oyamba atayikire m'ndowa.

Gawo limene landigwira mtima kwambiri ndi la pansi pa sinki, pamene madzi akuda amatulukira, pakuti apa chotseka si labala kapena tepi koma madzi enieniwo. Paipi yokhota imene ili pamenepo imasunga madzi akuya mamilimita 50 mpaka 75, ndipo madziwo ndi amene amaletsa fungo la m'ngalande komanso mphemvu kukwera kulowa m'khitchini. Nyumba zina zimangokhala ndi kapaipi kamakwinya kolunjika pansi popanda kukhota kulikonse, ndipo eni ake amavutika ndi fungo osadziwa gwero lake. Paipi yokhota ngati chilembo cha S imatha kukokera pansi madzi otseka aja n'kutsala yopanda madzi, madzi ambiri akatsika nthawi imodzi, n'chifukwa chake ya mtundu wa P, yotulukira kukhoma, imadalirika kwambiri. Beseni losambira m'manja limagwiritsa ntchito paipi ya mamilimita 32 ndipo sinki ya kukhitchini imafuna ya mamilimita 40, yotsetsereka pang'onopang'ono kuti madzi azinyamula nyenyeswa za chakudya. Manati apulasitiki a paipi yokhotayo samatidwa ndi guluu, chifukwa tsiku lina mafuta ndi zotsala za nsima zidzaitseka ndipo mwini nyumba adzafunika kuimasula ndi manja, n'kuitsuka, n'kuibwezera payekha.