Don Draper amanena zoona ali pa ntchito yonama

Mtima wanga wakhala m'malo tsopano. Funso limene anatipatsa pa phunziro la kalembedwe ka masewero a pa kanema linali loti tionetse mmene wolemba amaululira za mumtima mwa munthu popanda munthuyo kuzitchula, ndipo ine ndinasankha sewero la ku America lotchedwa Mad Men. Inu amene tili limodzi m'phunziroli mukumudziwa kale Don Draper ndi kampani ya Sterling Cooper, ndiye sindibwereza. Kwa ena zokwanira ndi izi: ndi kampani yotsatsa malonda ya pa Madison Avenue ku New York, Don ndi mkulu wa olemba malonda kumeneko, nkhani imayamba mu 1960 n'kukathera mu 1970, ndipo seweroli linaonetsedwa pa wailesi ya kanema ya AMC kuyambira 2007 mpaka 2015.

Aliyense akamaonera, maso amathamangira ku zibwenzi. N'zomveka, chifukwa zilipo zambiri. Don ali ndi mkazi wake Betty ndi ana ku Ossining, kunja kwa mzinda wa New York, koma m'tauni ali ndi Midge, kenako Rachel Menken, kenako ena osawerengeka. Roger Sterling, mmodzi wa eni kampaniyo, akuzemberana ndi Joan, mkulu wa masekilitale. Pete Campbell, wa mu ofesi momwemo, akukagogoda pakhomo pa Peggy, sekilitale wa Don amene pambuyo pake anadzakhala wolemba malonda, kutangotsala masiku ochepa kuti Peteyo akwatire. Ndiye munthu ukamafuna za mumtima umakazisaka kuchipinda, poganiza kuti n'kumene anthu amamasukirana. Koma kuchipindako Don ndi duu. Amasuta, amayang'ana kudenga, amavala n'kumapita. Chimene chinanditsegula m'mutu n'chakuti munthuyu amanena zoona ali ku ofesi, pamaso pa kasitomala, pa nthawi imene aliyense m'chipindamo akudziwa kuti akungogulitsa. Kumene amanama ndi kunyumba.

Taonani gawo lomaliza la sizoni yoyamba. Anthu a Kodak abwera ndi makina awo atsopano oonetsera zithunzi pakhoma, okhala ndi chozungulira chimene umasanjamo zithunzizo. Iwo akufuna malonda atamande luso latsopanolo. Don azimitsa magetsi n'kuyamba kuonetsa zithunzi za banja lake lenileni: ana akusewera, Betty ali woyembekezera, tsiku la ukwati wawo. Akulankhula za kupukwa, za kulakalaka kubwerera kumene unkadziwa kuti umakondedwa. Harry Crane, mnzake wa ku ntchito amene mkazi wake wamupirikitsa pakhomo chifukwa chogona ndi sekilitale, akudzuka n'kutuluka akulira. A Kodak agonja pomwepo. Koma m'gawo lomwelo Don anali atakana kuperekeza banja lake kwa apongozi pa chikondwerero cha Thanksgiving, ndipo akafika kunyumba apeza muli zii, n'kukhala yekha pa masitepe. Mawu aja mwini wake anali Betty. Kungoti Don sangawanene kwa Betty, pokhapokha pakhale kasitomala ndi chinthu chogulitsa kuti abisaleko.

Nditangoona zimenezi, zina zonse zinayamba kugwera m'malo mwake. Kumapeto kwa sizoni 6, mu 1968, zomwezo zikuchitika koma mozondoka. Don akuuza a Hershey, opanga chokoleti, nkhani yopeka ya bambo wachikondi amene anamugulira chokoleti ali mwana. Makasitomala akondwa, ntchito yatheka. Kenako manja akunjenjemera, n'kuwauza zenizeni: anakulira m'nyumba ya mahule, ndipo chokoleticho ankachipeza akapisa m'matumba a amuna obwera m'nyumbamo. Anzake akumupumitsa ntchito. Wolemba akutionetsa kuti chipinda chija chimalandira choonadi chikabwera chitavala zovala za malonda, koma chikabwera chimvulevule amachitulutsa panja.

Peggy nayenso chimodzimodzi. Mu July 1969, dziko lonse litangoonera anthu akuponda pamwezi, iye akuimirira pamaso pa a Burger Chef, eni malo odyera, n'kulankhula za banja lokhala pamodzi pa tebulo, kutali ndi TV. Akutchulanso mnyamata wa zaka khumi amene akamupeze kunyumba kwake atakhala patsogolo pa TV. Makasitomala akuganiza kuti ndi mwana wake. Ife oonera tikudziwa kuti ndi mwana wa neba, ndipo tikudziwanso kuti mwana wake weniweni, amene anabereka ndi Pete, anamupereka kwa ena kalekale. Palibe bodza wanena, komanso palibe chimene waulula.

Njira imene yandithandiza ndi yosavuta, ndipo ndikuilimbikira ngakhale ena m'gulu lathu akuiseka. Ndimatenga kope n'kujambula madanga atatu. Danga loyamba ndimalembamo chinthu chimene akugulitsa m'gawolo. Lachiwiri, chimene chachitikira munthuyo kunja kwa ofesi. Lachitatu ndimakoperamo mawu a malondawo, n'kudzifunsa kuti: akanati asawanene kwa kasitomala, akanawanena kwa ndani? Basi. Ine ndikuti munthu atachita zimenezi pa magawo khumi okha, waphunzira zambiri kuposa mabuku onse amene anatilembera kuti tiwerenge. Ndingafike mpaka ponena kuti sewero lililonse la mu ofesi, kaya ndi la maloya kaya la madokotala, lingatseguke ndi kiyi yemweyu, ngakhale ndisanayesere.

Ndi madanga amenewa zibwenzi zija zinasiya kukhala zokometsera chabe. Don naye ndi katundu wogulitsa. Dzina lenileni ndi Dick Whitman, ndipo la Draper analitenga kwa msilikali amene anafa pambali pake ku nkhondo ya ku Korea. Mkazi watsopano aliyense ndi kasitomala watsopano amene sanaone zimene zili m'kati mwa paketi. Akangoyamba kuziona, Don amasamuka. Gawo loyamba lenilenilo linatiuza kale. A Lucky Strike ali ndi mantha chifukwa nkhani zoti fodya amayambitsa khansa zafalikira, ndipo sangathenso kutsatsa kuti ndudu zawo n'zabwino pa thanzi. Don akuwafunsa mmene amakonzera fodya, akumva zoti amamuwamba, n'kunena kuti malonda atsindike zomwezo. Makampani ena onse amawambanso, koma zilibe kanthu. Wasankha chinthu chimodzi choona n'kuchiika patsogolo kuti chiphimbe china chachikulu. Umo ndi mmene amakhalira ndi Betty. Pano ndiwonjezere kuti mawu otsatsira aja Lucky Strike inayamba kuwagwiritsa ntchito mu 1917, ndiye Matthew Weiner, amene anayambitsa seweroli, anangowasunthira ku 1960 kuti awaike m'kamwa mwa Don. Ine sizikundivuta, koma mukamalemba musanene ngati ndi mbiri yeniyeni.

Chimene chikundinyansa n'chakuti zonsezi ndazipeza ndekha usiku, pamene pali anthu olipidwa kuti atisonyeze. Aphunzitsi athu a kalembedwe atha masabata akujambula pa bolodi chiyambi, pakati ndi mathero, osationetsa kachigawo ngakhale kamodzi kuti tikambirane. A phunziro la zamalonda nawo amangotiloweza pamtima masitepe okopera wogula. Maphunziro awiriwa amachitikira m'nyumba imodzi koma sapatsana moni. Chonsecho munthu sungamvetse sizoni 4 usakudziwa kuti makampani otsatsa a nthawi imeneyo ankadya 15 peresenti ya ndalama zimene kasitomala walipira ku nyuzipepala kapena ku wailesi ya kanema. Lucky Strike, kasitomala wawo wamkulu, itachoka, kampani yonse ya Don inatsala pang'ono kugwa, ndipo kalata ya Don mu New York Times yolengeza kuti wasiyana ndi fodya imaoneka ngati kulapa kwa munthu wosadziwa za ndalamazo. Ukazidziwa umaona kuti ndi munthu wosiyidwa amene akuthamangira kuuza anthu kuti wathetsa chibwenzi ndi iyeyo. Boma la America linali litatulutsa kale lipoti lake la 1964 lonena za fodya ndi khansa, ndipo pofika January 1971 malonda a ndudu analetsedwa pa TV, ndiye mphepo inali itatembenuka kale. Nanga nthawi? Magawo 92, lililonse lopitirira mphindi 45, semesita imodzi, maphunziro ena anayi akudikira. Anzanga ena angowerenga chidule pa intaneti, ndipo mwina adzapeza malikisi oposa anga.

Pali malo amene njira yanga ikutsimphina. Betty alibe danga loyamba. Sagulitsa kanthu, alibe kasitomala, ndiye za mumtima mwake zimatulukira kwina: pa kavalo, pa mfuti imene akuombera nkhunda za neba ndudu ili pakamwa, pa kucheza ndi mwana wa mayi wina. Ndayesa kumukankhira m'madanga anga koma sakulowa. Joan ndiye akulowa mpaka kuchititsa nthumanzi. Mu sizoni 5 Don akutsatsa galimoto ya Jaguar ngati mkazi wokongola amene mwamuna angathe kukhala naye yekha, pamene chithunzi chikudumphira kwa Joan ali m'chipinda ndi mkulu wa ogulitsa magalimotowo, amene anamufuna ngati mtengo wa kontilakiti. Apa sindikudziwa ngati danga lachitatu likuulula mtima wa Don, kapena mtima wa kampani yonse, poti Don anali atakana zimenezo ndipo sankadziwa kuti zachitika kale.

Ndiye pali mathero. Don ali ku California, wataya zonse, wakhala pansi ndi anthu osinkhasinkha, akumwetulira, kenako pakubwera malonda enieni a Coca-Cola a 1971, opangidwa ndi kampani yotsatsa malonda ya McCann Erickson, a achinyamata oimba pa phiri. Madanga anga akuti wapezanso choonadi china ndipo wapita kukachigulitsa. Koma ngati chilichonse chimene munthuyu amamva mumtima chimakathera pa botolo kapena pa paketi, kodi ndipitirize kuchitcha choonadi? Tsiku lina ndimati inde, poti misozi ya Harry inali yeniyeni. Tsiku lina ndimati mwina nanenso Don wandigulitsa ngati a Kodak aja. Ndime imeneyi ndailemba kawiri mosiyana, ndipo zonse ziwiri zikadali m'kope.