Agogo a aliyense

Agogo anga aamuna anachoka ku Dedza mu 1955, nthawi ya Chitaganya, n'kudutsa ku Tete wapansi mpaka kufika kuno Harare akadali Salisbury. Anaphikira azungu ku Avondale zaka zambirimbiri, anachona, anamwalira mu 1984 ine ndikukwawa, n'kukagona ku Warren Hills. Zaka zonsezi manda ali osamanga. Chaka chatha abale tinagwirizana zochotsa manyaziwa, ndipo poti mutu ukakula sulewa nkhonya, ntchito ya matisheti a mwambo wa chiliza inagwera ine, mdzukulu wamkulu.

Pagulu lathu la WhatsApp wina anafunsa ngati chithunzi cha malemu chilipo. Ine, pakamwa pothamanga, ndinayankha kuti chilipo, musadandaule. Anthu anayamba kutumiza pa EcoCash, madola 8 aliyense. Nditatsegula sutikesi ya malemu bambo kwathu ku Mufakose, ndinapeza chiswe chinandiyambira kale. Chithunzi chokhacho cha agogo chinali pachitupa chawo, ndipo chiswecho chinadya nkhope yonse n'kundisiyira khutu limodzi ndi chidindo cha boma. Chidindocho sichinachikhudze n'komwe, nacho chiswe chimaopa boma.

Kubweza ndalama kunali kosatheka, zina zinali zitalowa kale m'poto. Usiku magetsi atabwera ndinatsegula Google n'kulemba mawu atatu achingerezi: bambo wokalamba, Nyasaland. Ndinadziuza kuti okumbukira nkhope ya agogo kuno onse anatsikira kulichete, ndipo nkhalamba zakale pazithunzi zosakhala zamakaka zimafanana.

Yoyamba imene inandigwira mtima inali ndi timizere toyera todutsa pamasaya ndi pachipumi. Ndinasangalala, ndikuyesa mphini. Mwana wa achemwali anga, amene amaphunzira zamakompyuta ku koleji, atasuzumira pafoni anaseka mpaka kukhala pansi.

"Amalume, si mphini izi. Ndi chidindo cha kampani yogulitsa zithunzi. Mukufuna agogo akhale ndi dzina la kampani pamphuno?"

Ndiye anandikhazika pansi ngati mwana wa giredi wani. Akuti chithunzi kupezeka pa Google sikuti chilibe mwini; Google ndi msewu chabe, nkhuku yoyenda mumsewu ili ndi khola lake. Anandipititsa pa Wikimedia Commons, nkhokwe ya zithunzi imene Wikipedia imatapamo, n'kundionetsa kuti pansi pa chithunzi chilichonse pamalembedwa chilolezo chake. Zolembedwa CC BY utha kutenga ulere, koma uyenera kutchula amene anajambula. Pamenepo ndinakaniratu. Dzina la mzungu pansi pa chibwano cha agogo, ndiye kudziulula ndekha kumeneko. Akuti ndiye tifune za public domain: zimene umwini wake unatha, m'mayiko ambiri pakapita zaka 50 kapena 70 chimwalirireni wojambula, kapena zimene mwini wake anazitaya yekha polemba CC0, kapenanso zojambulidwa ndi boma la America, ngati za NASA. Anandionetsa nyanja ya Malawi itajambulidwa kuchokera kumwamba, yooneka ngati nyemba yayitali. Yokongola, koma nyanja siingakhale agogo. Chimene chinandithandiza n'chakuti zithunzi zojambulidwa ndi boma la Britain isanafike June 1957 nazo zinamasuka kale, ndipo atsamunda pojambula sankatopa.

Tinamupeza cha m'ma 11 koloko. Mkulu wa ndevu za imvi, chipewa pamutu, jekete lalikulu kuposa mapewa, ndodo m'manja, maso akuthwa ngati akuwerenga ngongole zako. Dzina panalibe. Azungu aja ankalemba dzina la phiri, la mtsinje, ngakhale la galu wawo, koma munthu wakuda ankangoti "mbadwa". Ine kusowa kwa dzinako ndinakuona ngati mwayi. Ndinayerekeza khutu lake ndi lija lotsala pachitupa, ndipo ndikulumbira, ankafanana.

"Amalume," anatero mwana uja, "public domain ikutanthauza kuti palibe akakumangeni. Sikuti munthuyu wasanduka agogo anu."

Ndinamugulira bandulo ya sabata yathunthu, pakamwa pake panatsekeka.

Matisheti 40 anatuluka, oyera mbee, mkulu uja pachifuwa, pansi pake mawu akuti USANI MUMTENDERE AGOGO. Kenako uthenga unafika umene unandiumitsa malovu: azakhali akubwera kuchokera ku Dedza. Awa ndi mwana woyamba wa agogo, wa mkazi amene anamusiya kumudzi. Bambo awo anawaona komaliza ali mtsikana, pamene anabwera kamodzi kokha ndi njinga ndi galamafoni n'kubwereranso osatsanzika. Ndinawaiwala bwanji, sindidziwa.

Ndinakawalandira ku Roadport atatsika basi yodzera ku Nyamapanda, miyendo itatupa, thumba la ufa woyera pamutu ngati kuno kulibe chigayo. Kunyumba ndinawapatsira tisheti ndi manja awiri, ndikunjenjemera ngati wa malungo. Anaitambasula, anaiyandikiza kumaso, anaitalikitsa, anaiyandikizanso. Chete. Kenako misozi chuchuchu.

"Bambo anga! Ndi iwowa ndithu. Taona maso awo. Mwana wa achimwene, Mulungu akudalitse."

Kunena zoona nane ndinalira, koma yanga inali misozi ya munthu wopulumuka pangozi. Mwambo ku Warren Hills unayenda bwino, a mvano a CCAP anaimba, abusa analoza pachifuwa changa n'kunena kuti nkhope iyi ndi ya munthu woopa Mulungu. Ndinavomera ameni mokweza kuposa onse.

Lolemba ndinaperekeza azakhali ku Mbare Musika kuti akagule bulangete ndi mapoto a kumudzi, tonse titavala matisheti athu. Titangotsika kombi, mayi wina anandigwira mkono n'kundinong'oneza m'Chishona kuti kodi sekuru, ndiko kuti agogo, alipo lero. Ndinati sekuru ati. Analoza pachifuwa changa. Akuti mwamuna wake anathawira ku Chitungwiza mwezi wachitatu uno, ndipo nambala ya sekuru imene ali nayo sikulowa. Ndinayesa wamisala. Tisanayende mapazi makumi awiri, mnyamata wa ngolo anatilonjera mwaulemu wodabwitsa n'kufunsa mtengo wa mankhwala a mwayi wa mpira.

Amene anaona ndi azakhali, omwe aja ndinkati maso awo anatha. Papholo lamagetsi, pakati pa chikalata cha maphunziro a Form 4 ndi cha okumba zitsime, panali agogo. Chipewa chomwecho, jekete lomwelo, ndodo yomweyo. Pamwamba: sing'anga wamkulu wochokera ku Malawi. Pansi: kubweza wokondedwa wothawa, kukwezedwa pantchito, kupambana milandu, ndi zina za abambo zimene sindingalembe pano. Pholo lotsatira, agogo. Khoma la chimbudzi cha msika, agogo atatu ondondozana.

Fisi akagwa m'mbuna sayankhula. Ine ndinangoti kakasi, thukuta kamukamu, ndikuganiza kuti nthawi youlula yakwana. Koma azakhali anali atamanga kale chitenje m'chiuno.

"Wakuba ameneyu! Chithunzi cha bambo anga, mkulu wa mpingo, wachitenga kuti? Imba nambalayo."

Ndinati mayunitsi atha. Anatulutsa dola pamfundo ya chitenje. Ndinaimba, ndikupemphera kuti isalowe monga inakanira kwa mayi uja. Inalowa kamodzi n'kamodzi. Anayankha mnyamata, mawu ake osapitirira zaka 30, Chichewa chake chopotoka ngati changa chomwe, cha ife obadwira kuno. Azakhali analanda foni n'kumufunsa kuti munthu ali papepalayo ndi ndani wake.

"Ndi agogo anga amenewo, mayi. Ndi amene anandisiyira mankhwala."

Ine ndinadziwa pompo kuti mnzangayu naye anagona mochedwa pa Wikimedia Commons, mwinanso anayerekeza khutu. Ndinayembekeza kuti azakhali amutukwana. M'malo mwake anakhala pansi pathumba la mbatata la eni ake, dzanja patsaya.

"Agogo ako anachokera kuti?"

"Ku Malawi."

"Boma liti?"

Anazengereza pang'ono, kenako anatchula Dedza. Mwa maboma 28 onse a dziko lija, wabodza mnzanga anasankha Dedza.

Azakhali anadula foni n'kundiyang'ana nthawi yayitali. "Ndinkadziwa ine. Amayi ankanena kuti bambo ako si wa mabanja awiri okha. Ndiye kuti panali lachitatu." Anapukusa mutu. "Ndipo za mankhwalazi, n'chifukwa chake galamafoni ija sinkawonongeka."

Ndinatsegula pakamwa kuti ndifotokoze za public domain, za zaka 50 ndi 70, za June 1957. Ndinayang'ana nkhope ya mayi wa zaka pafupifupi 80 amene wadutsa malire awiri kudzalira bambo ake, ndinatsekanso.

Anabwerera ku Dedza Lachinayi ndi matisheti 6 otsala ndi chikalata chimodzi chimene anamatula papholo ngati umboni. Sabata yatha anditumizira uthenga wamawu pafoni ya mdzukulu wawo. Akuti akuluakulu akumudzi anakhala pansi, agwirizana kuti mwana uja ndi magazi athu, tisamutaye. Ndimulowetse pagulu la WhatsApp, ndipo poti pachiliza sanasonkhe, apereke madola 8 ake.