Injiniya wa pa chinkhoswe

Inu amene mwayamba kunditchula kuti "Injiniya Makala", imvani kaye mbali yanga chithunzi cha nkhope yanga yamakala chija chisanafike ku Joni.

Magetsi anathima perekaniperekani atangoyamba kutentha pa chinkhoswe cha mlamu wanga. Jenereta ya 2.5 kVA ija inalira bwinobwino, koma babu osayaka, masipika ali zii. Ine ndinavula jekete n'kulengeza kuti, "Ndi mabulashi amenewo." Ndipo sindinaname, zimenezi muzilembe penapake. Nditamasula chivundikiro chakumbuyo ndinapeza mabulashiwo, timakala tiwiri tija timene sipulingi imatikanikiza pa mphete zamkuwa kuti moto uzilowa mu koyilo yozungulira, titaperepeseka n'kutsala ngati njere za mapira. Chinthu chozungulira ka 3,000 pa mphindi chingalekerenji kudya makala?

Ndinatuma wakabaza kukagula ena. Podikira ndinapukuta mphete zija ndi sandipepala wosalala, ndiye n'kuona fumbi lakuda litadzaza mkatimo. Munthu wanzeru akadatenga kansalu. Ine ndinalowetsa nkhope, n'kukoka mpweya wonse wa ku Area 25, n'kuuzira.

Abale, fumbi la zaka zisanu linabwerera kwa ine lonse, osatsalako olo kadontho. Ndinapukuta thukuta ndi dzanja, osadziwa kuti ndikupaka. Nkhope inayamba kunyezimira ngati kunsi kwa mphika wa nyemba. Shati yoyera yobwereka ija tisaikambe. Ndipo panalibe wondiuza! Ankhoswe anandiyang'ana n'kuyamba kuwerenga ndalama zimene anali atawerenga kale. Mkazi wanga analowa m'khitchini, mapewa akugwedezeka.

Nthawi yomweyo apongozi anatulukira. Ndinanjuta mwaulemu wonse, manja pamodzi, sikuludilaiva ili kukhwapa. "Mwaswera bwanji, amayi?" Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kunsapato, n'kubwereranso kumutu. Kenako anati, "Taswera bwino, bambo. Makala tagula kale dzulo." Zaka 9 ndili mkamwini pakhomopo.

Mabulashi atsopano atafika ndinamanga, n'kulumikiza mawaya awiri ochokera ku AVR, kachipangizo kowongolera mphamvu ya magetsi, n'kukoka chingwe. Injini inalira, babu ayi. Ndinazimitsa n'kukokanso mpaka phewa linayamba kulankhula. Apa kamnyamata ka Fomu 2 kanasuzumira n'kuti, "Ankolo, waya wa pulasi mwauika ku mainasi." Kanasinthanitsa, nyimbo zinaphulika, amayi n'kuyamba kukafupa ndalama. Iko K4,000, ine ndowa ya madzi ndi sopo.

Komatu chizindikiro cha pulasicho n'chaching'ono ngati nsabwe, ndipo m'maso mwanga munali makala. Matenda anawapeza ndani? AVR inapsa? Sinapse. Kamwanako kanangomalizitsa.

Mwini shati akuti akufuna yatsopano. Ndamuuza kuti tiyese kaye kuinyika mpaka Lachisanu.