Kutsata mapazi a Willie O'Ree, kuchokera ku Toronto mpaka ku Fredericton

Munthu wofika ku Canada m'nyengo yozizira sachedwa kuona kuti masewera a hockey ndi amene ali pamtima pa dzikolo. Amaseweredwa pa bwalo la madzi oundana lotalika pafupifupi mamita 61, osewera atavala nsapato zokhala ndi chitsulo chonga mpeni kunsi kwake, ndipo m'malo mwa mpira amamenya ndi ndodo kachimbale kakuda ka labala yolimba kotchedwa puck. Timu iliyonse imalowetsa anthu asanu ndi mmodzi: goloboyi, otchinga kumbuyo awiri, ndi osewera kutsogolo atatu, wapakati ndi awiri a m'mbali. Ine ndinapita ku Toronto kukaona achibale, koma ulendo wanga unakhotera kwina nditamva mbiri ya mmodzi mwa osewera kutsogolo amenewa, Willie O'Ree, munthu wakuda woyamba kusewera mu ligi yaikulu ya NHL, ndipo ndinatsimikiza mtima kuti ndikaone malo amene moyo wake unadutsamo.

Ndinayambira ku Hockey Hall of Fame, nyumba yosungiramo mbiri ya masewerawa, imene ili pamphambano ya misewu ya Yonge ndi Front. Chipinda chake chachikulu chili m'nyumba yakale ya banki, ndipo m'menemo ndi momwe muli chikho cha Stanley Cup, chimene amalandira akatswiri a NHL, pamodzi ndi zithunzi za anthu onse amene analandiridwa m'gulu la olemekezeka. Dzina la O'Ree analilowetsamo mu 2018, iye ali ndi zaka 83, ndipo sanamuike m'gulu la osewera koma la anthu amene anakuza masewerawa. Kunena zoona, manambala ake a mu NHL sakanamulowetsa ngati wosewera, pakuti anasewera masewera 45 okha, anamwetsa zigoli 4 ndipo anapatsira anzake zigoli 10. Anthu ambiri amene ndinawaona m'chipindamo ankathamangira kukajambulitsa pafupi ndi chikho, koma ine ndinaima nthawi yaitali pa chithunzi chake ndikudzifunsa kuti munthu amene anasewera hockey yolipidwa kwa zaka zoposa makumi awiri anathera kuti zaka zina zonsezo.

Kuchoka apo ndinakwera sitima ya pamtunda ya VIA Rail kupita ku Montreal, ulendo wa maola pafupifupi asanu, ndipo mbali ina ya njanjiyo imatsata gombe la nyanja ya Ontario. Chimene ndinkafuna ku Montreal chinali Forum, bwalo lakale la timu ya Canadiens, lomwe lili pamene msewu wa Sainte-Catherine ukumana ndi wa Atwater. Timuyo inasamukamo mu 1996, ndipo masiku ano m'nyumbamo muli malo oonetsera mafilimu ndi masitolo, ngakhale kuti anasungako mipando ingapo yakale monga chikumbutso. M'nyumba imeneyi, pa 18 January 1958, O'Ree analowa m'bwalo atavala jezi ya Boston Bruins, ataitanidwa kuchokera ku timu ya Quebec Aces, ndipo usiku umenewo Boston inagonjetsa Montreal 3 kwa 0. Nthawi imeneyo ligi yonse inali ndi matimu asanu ndi imodzi okha, kotero malo a osewera anali ochepa kwambiri, ndipo mnyamata aliyense wa ku Canada wodziwa kutsetsereka pa madzi oundana ankalimbirana malo omwewo. O'Ree anasewera masewera awiri okha, kenako anamubwezera ku ligi yaing'ono.

Ku Fredericton, likulu la chigawo cha New Brunswick, ndinapita pa ndege chifukwa sitima zonyamula anthu zinaleka kufikako. Ndi mzinda waung'ono, wabata, womangidwa mbali zonse ziwiri za mtsinje wa Saint John, umene eni nthaka oyamba amautchula Wolastoq. O'Ree anabadwira kuno pa 15 October 1935, chitsirizira m'banja la ana 13, pa nthawi imene mabanja a anthu akuda mumzindawu anali owerengeka. Anayamba kutsetsereka pa madzi oundana ali ndi zaka zitatu. Ndinawoloka mtsinjewo wapansi pa mlatho wakale wa njanji wotchedwa Bill Thorpe, mphepo yozizira ikubaya kumaso, ndipo poyang'ana mtsinje wonsewo utaundana gwa ndinamvetsa chifukwa chake ana a kuno amaphunzira masewerawa asanayambe ndi sukulu yomwe.

Kutsidya la kumpoto kwa mtsinje kuli Willie O'Ree Place, nyumba ya mabwalo awiri a hockey imene mzindawu unaipatsa dzina lake mu 2008. Ndinakhala pa mpando woonerera pamene timu ya achinyamata inkachita zokonzekera, ndipo bambo wina amene anabwera ndi mwana wake anandifotokozera modekha ntchito ya wosewera wa m'mbali. Iye anati wosewera amakhala m'bwalo kosakwana mphindi imodzi asanasinthane ndi mnzake, chifukwa liwiro lake palibe amene angalipirire nthawi yaitali, ndipo wa kumanzere amathamanga m'mphepete mwa khoma kwinaku akudikira puck yochokera kwa wapakati, amene ali kudzanja lake lamanja. Apa ndi pamene nkhani ya O'Ree inandifika pamtima, pakuti iye ankasewera kumanzere ali wosaona diso la kumanja.

Ngoziyo inamugwera asanafike mu NHL, akusewerera timu ya achinyamata ya Kitchener m'chigawo cha Ontario, pamene puck inamumenya pa diso. Masiku amenewo osewera sankavala zipewa zodzitetezera kapena chotchinga kumaso. Dokotala anamuuza kuti disolo lawonongeka ndipo sadzaseweranso, koma iye anabwerera m'bwalo, nabisa chilemacho kwa aphunzitsi ndi akuluakulu a matimu, chifukwa malamulo a ligi sakanalola munthu wa diso limodzi kusewera. Anauzako mlongo wake. Kuti aone puck ikubwera, ankayenera kutembenuza mutu wonse kuyang'ana kumanja, pa liwiro lalikulu, anthu amphamvu akumulondola kuti amuwombetse kukhoma. Nditaona mmene ana aja ankalandirira puck osatembenuka n'komwe, ndinazindikira kukula kwa chimene munthuyu anachita, ndipo ndimaona kuti amene amangotchula masewera 45 aja osatchula disoli amamulakwira.

Boston inamuitananso mu nyengo ya 1960-61, ndipo apo anasewera masewera 43. Chigoli chake choyamba anamwetsa pa 1 January 1961, pomenyananso ndi Montreal, ndipo ndicho chinapambanitsa Boston 3 kwa 2. Iye mwini wakhala akunena poyera kuti anzake a mu timu anamulandira bwino, koma kuti m'mabwalo ena, makamaka a ku America, oonerera ankamutukwana chifukwa cha khungu lake. Pa masewera ena ku Chicago wosewera wa timu inayo anamunyoza, namumenya ndi nsonga ya ndodo kukamwa mpaka kumugulula mano akutsogolo. Itatha nyengoyo anamugulitsa, ndipo sanapondenso mu NHL. Panapita zaka mpaka 1974 kuti munthu wina wakuda, Mike Marson wa Washington Capitals, alowe mu ligiyo, zimene zikusonyeza kuti chitseko chimene O'Ree anatsegula chinatsekedwanso iye atangotuluka.

Funso limene ndinadzifunsa ku Toronto yankho lake lili ku California. O'Ree anathera zaka zambiri mu ligi ya Western Hockey League, poyamba ku Los Angeles Blades ndipo kenako ku San Diego Gulls. Ku Los Angeles mphunzitsi Alf Pike anamusamutsira kumanja, kumene diso lake labwino linayang'ana m'kati mwa bwalo ndipo lakufalo linatsamira kukhoma, ndipo zigoli zinayamba kuchuluka, moti kawiri konse anatsogola ligi yonseyo pomwetsa zigoli 38 pa nyengo imodzi. Mfundo imeneyi imandiwawa ndikaiganizira, chifukwa akanakhala womasuka kuulula vuto lake ali ku Boston, mwina akanamuika kumanja kale, koma kuulula kukanamuchotsetsa ntchito tsiku lomwelo. Anapitiriza kusewera mpaka 1979, ali ndi zaka 43. Moyo wa osewera ambiri a hockey ndi wotere, woyenda pa basi usiku kuchoka mzinda wina kupita wina, malipiro ochepa, kudikira kuitanidwa kumene nthawi zambiri sikubwera, koma ndi ochepa amene amaupirira mpaka msinkhu umenewo.

Atasiya kusewera anagwira ntchito zosiyanasiyana ku San Diego, kuphatikizapo ya zachitetezo pa hotelo, ndipo ligi imene anaitsegulira njira inakhala ngati yamuiwala. Inamukumbukira mu 1998, pamene inamusankha kukhala kazembe wake wolimbikitsa ana a mitundu yonse kulowa masewerawa, ntchito imene inamuyendetsa m'mizinda yambiri ya Canada ndi America kwa zaka zoposa makumi awiri. Canada inamupatsa ulemu wa Order of Canada, ndipo NHL inakhazikitsa mphotho yotchedwa dzina lake yopita kwa anthu otumikira madera awo kudzera mu hockey. Bambo uja wa ku bwalo anandiuza kuti anthu a ku Fredericton amanyadira kuti iwo anamulemekeza Toronto ndi Boston asanatero, ndipo zaka zikumuchitira umboni: nyumba ya mabwalo ija inatchedwa dzina lake zaka khumi asanalowe mu Hall of Fame, ndipo a Boston Bruins anapumitsa nambala 22 ya jezi yake, kuti wosewera wina wa timuyo asadzaivalenso, pa 18 January 2022, patatha zaka 64 chilowereni m'bwalo la Forum. Pa mwambowo sanathe kupezekapo chifukwa cha mliri wa Covid-19, ndipo analankhula kwa oonerera kudzera pa kanema ali kwawo ku San Diego, ali ndi zaka 86.