Chinjira changa, pepala ili ndi lathu tonse awiri

Zatheka abale! Dzulo ndinatuluka m'chipinda cha defesa, mayeso apakamwa omalizira digiri ku yunivesite, ndi mavalori 16, kapena kuti malikisi 16 mwa 20, mawondo akuwombana. Mpaka pano sindinagone, maso atupa ndi kulira, ndiye mundikhululukire ngati mawuwa akuyenda mokhotakhota.

Ambuye, Inu mukudziwa kuti ndinalongedza kangati chikwama kuti ndibwerere kumudzi ku Dómuè ndikagwire khasu basi. Simunalole. Ulemerero ukhale kwa Inu. Aphunzitsi anga onse, azakhali a ku Moatize amene munandisunga chaka choyamba, amayi a mumphakati wathu amene munasonkha ufa ndi nkhuni pa maliro a mayi, Mulungu abwezere pomwe munachotsapo.

Koma iwe. Dzina lako sindilemba chifukwa ungandikalipire, komabe aliyense wogula mbatatesi pamsika wa Ulónguè akukudziwa.

Tinakumana mu 2006, m'kalasi yoyamba. Kunyumba tinkayankhula Chichewa chokhachokha, kusukulu n'kupeza Chipwitikizi chokhachokha. Aphunzitsi ataitana dzina langa ndinangoti kakasi, misozi ili lengelenge. Unandigunda ndi chigongono n'kundinong'oneza kuti, "Unene kuti presente." Tsiku lomwelo unaona kuti ndilibe cholembera. Unadula pensulo yako pakati ndi lezala, mbali yokhala ndi chofufutira n'kundipatsa ine. Mwana wa zaka 7, ndani anakuphunzitsa mtima umenewo?

Mu 2013 tinapita limodzi ku Ulónguè kukayamba kalasi 8. Kachipinda ka lendi kaja, mphasa imodzi, bulangete limodzi. Amene akuidziwa mphepo ya mu June ku Angónia akundimvetsa. Unkati ndigone kukhoma chifukwa ndinkatsokomola, iwe n'kugona mbali ya kuchitseko komwe mphepo inkalowera. Ufa ukatha tinkaphika mbatata, n'kuwerenga pa koloboyi mpaka mphuno kuda ndi mwaye. Ndipo ichi anthu achimve lero: masamu unkawadziwa ndiwe. Ine ndinkangotsatira chala chako pa kope.

Pauta, ndandanda ya zotsatira za mayeso a kalasi 10, itatuluka mu 2015 tonse tinakhoza, iwe pamwamba pa ine. Koma bambo ako anali atatisiya kumene, ndipo azing'ono ako atatu ankayang'ana iwe. Ndinalira, ndinati nanenso ndisiya. Unandiyang'ana monga umachitira ukakwiya, n'kunena kuti, "Mmodzi apite patsogolo, wina azikankha kumbuyo. Usandichititse manyazi." Ndinkaona ngati ukungonditonthoza. Zaka zonsezi wakhala ukukankhadi.

Nditayamba ku Universidade Púnguè ku Tete mu 2019, iwe unali utayamba kale kutsitsa matumba a mbatatesi ku Tete, makilomita oposa 200, kudzera pa Mussacama ndi Moatize, utakhala pamwamba pa katundu, dzuwa la ku Tete likukuwotcha. Sunabwerepo chimanjamanja. Ndowa ya mbatatesi, nyemba zomanga pansalu, nthawi zina uthenga wa M-Pesa pakati pa usiku wopanda ndi mawu amodzi omwe. Sukulu zitatsekedwa mu 2020 chifukwa cha Covid, foni imene ndinkalandirira maphunziro inali yako. Iwe unabwerera ku kafoni kamabatani.

Za 2022 mukuzidziwa, sindingazibwereze zonse. Mu January namondwe Ana anadula mlatho wa Revúbuè, wa pakati pa Moatize ndi Tete, mayi ali gone m'chipatala ku Tete, ine ndekhandekha pambali pawo. Ndinaimbira abale ambiri. Ena foni sinkayankhidwa, ena anati msewu waduka, tidikire madzi aphwe. Madzi anaphwa, mayi anapita, tinaika, ndipo ena mpaka lero sanafike ndi pamanda pomwe. Abale inu, dzulo ndaona mwayamba kulemba kuti "mwana wathu watinyaditsa". Ndaona, ndawerenga. Ndasiyira Mulungu.

Msewu womwewo unali woduka kwa iwenso. Unafikabe, matope mpaka m'mawondo, utanyamula ufa wa phala ndi zitenje ziwiri. Unagona pansi pa simenti masiku onse aja. Unkawachapira mayi, kuwatembenuza, kuwamwetsa phala ndi supuni pamene manja anga ankanjenjemera. Manesi ankaganiza kuti mwana wawo woyamba ndiwe, ndipo mayi sanawatsutse. Ankakuitana kuti "mwana wanga", ine ndili pomwepo, ndipo mtima wanga unkakhala m'malo.

Titaika maliro ndinakhala chaka chathunthu osagwira buku. Ndinali nditatheratu. Ndiwe unabwera m'mamawa wina, n'kundivundukula chofunda, n'kundikweza chapa, minibasi ya ku Tete, ngati mwana wothawa sukulu. Ndalama zolembetseranso zinali mpamba wako wa geni. Ndinadzamva kwa mng'ono wako patapita miyezi kuti nyengo imeneyo unangogula matumba awiri m'malo mwa khumi. Iwe sunandiuzepo. Ndikulemba izi misozi ikugweranso pa foni.

Tinkayambana, inde. Pali miyezi iwiri ija sitinayankhulane chifukwa cha mawu onyada amene ndinakuyankha nditangolawa za kuyunivesite. Ndinalakwa ndine, koma woyamba kuimba foni unali iwe. Pepa kachiwiri, pamaso pa anthu onsewa.

Ambuye, mumudalitse mwana wa anthuyu. Geni yake ikule, azing'ono ake aphunzire, matenda amulambalale.

Loweruka ndikubwera ndi chapa woyamba. Tikayambire kumanda kwa mayi tikawauze. Kenako undimvere ineyo kamodzi kokha: malipiro anga oyamba akadzangotuluka, ndikukulembetsa kalasi 11 ya madzulo. Usayambe zoti wakula. Makope ndagula kale, ndi pensulo yathunthu.