Kabakha kanga ndinakatsuka ndi sopo

Mu Okutobala chaka chatha, ku Cape Cod m'chigawo cha Massachusetts ku America, ndinagula kabakha kosema pamtengo, kotalika ngati chala changa chapakati. Kanali m'katoni ya katundu wa m'nyumba ya malemu ena, pamodzi ndi masipuni ndi mafelemu a zithunzi. Wogulitsa anati madola 40, ine ndinati 25, tinakumana pa 30. Nditafika nako kuchipinda ndinaona kuti kada bii ndi fumbi, ndiye ndinachita zomwe munthu wokulira ku Dedza aliyense akanachita. Madzi ofunda, sopo, kamswachi kakale, pomaliza polishi wa nsapato kuti kawale. Si mmene amachitira anyamata a ziboliboli kwathu? Mvuu zawo zija zimanyezimira mpaka mzungu kuimitsa galimoto.

Patapita milungu iwiri ndinakatenga kupita nako ku kalasi yamadzulo yomwe ndinali nditangolembetsa, yophunzira za mbalame zosema zakale. Amene amatiphunzitsa ndi mayi wachikulire, watolera tinthu timeneti kwa zaka zambiri. Anakalandira ndi manja awiri, nakanunkhiza, kenako anandiyang'ana pamwamba pa magalasi. "Mwakapaka chiyani?" Ndinawauza, monyadira ndithu. Sanakalipe. Anangozimitsa magetsi n'kuyatsa kanyali ka UV, kamene kuwala kwake kumaonetsa pa penti zomwe maso paokha sangaone, ndipo tonse asanu ndi awiri tinaona pamsana pa kabakhako mizere yomwe mswachi wanga unadutsa, penti atachoka mpaka mtengo kuonekera.

Tsiku limenelo ndinamva koyamba kuti kwa otolera mbalamezi, chuma chili pa penti woyamba amene wosema anapaka ndi dzanja lake. Kuda kwa zaka, timing'alu, pamene pafufutika chifukwa cha zala za anthu, zonsezo sazichotsa. Mbalame yopentedwanso, ngakhale ikongole bwanji, mtengo wake umagwa kwambiri.

Kuti ndimvetse chifukwa chake, ndinayenera kubwerera kumene ntchitoyi inachokera, ndipo mbali imeneyi ndi imene yandikomera kuposa zonse. Mbalame zosemazi poyamba zinali nyambo za alenje. Mlenje ankayandamitsa abakha a mtengo pamadzi, kapena kuzika pamchenga mbalame za miyendo yaitali zili pa timitengo, iye n'kubisala ndi mfuti. Zamoyo zikaona zinzake zatera, nazo zinkatsika. Nzeruyi ndi ya eni nthaka a ku America. Mu 1924, m'phanga la Lovelock ku Nevada, ofukula zakale anapeza abakha 11 oluka ndi mabango, ena atavekedwa nthenga zenizeni, a zaka pafupifupi 2,000. Azungu atabwera anasintha mabango n'kuyamba kusema pa mkungudza ndi paini. Pofika kumapeto kwa zaka za m'ma 1800, kupha mbalame kunali bizinesi yodyetsa misika ndi mahotela a ku Boston ndi New York, moti ku Detroit kunali fakitale ya Mason yomwe inkapanga nyambozi kuyambira 1896 mpaka 1924.

Anazipha mopitirira muyeso. Mbalame ina ya mlomo wopindika yotchedwa Eskimo curlew, yomwe inkauluka m'magulu akuluakulu, inatha pafupifupi yonse, ndipo yomaliza yotsimikizika inawomberedwa ku Barbados mu 1963. Mu 1918 boma la America linakhazikitsa lamulo la Migratory Bird Treaty Act, lomwe linaletsa kugulitsa mbalame zakutchire zosamukasamuka, ndipo m'zaka zotsatira kusaka mbalame zambiri za m'mphepete mwa nyanja kunatsekedwa. Powerenga zimenezi maganizo anga anathawira ku nyanja ya Chilwa, komwe anthu amatchera mbalame zam'madzi makamaka nyanja ikaphwa nsomba n'kusowa, monga zinachitikira mu 1995. Njala ya ndiwo ndi ya ndalama imafanana kulikonse.

Ndiye wosema nyambo akanadya chiyani makasitomala ake atachepa? Apa m'pamene tiziboliboli tating'ono tinapezera msika. Munthu amene dzina lake limatchulidwa kalasi iliyonse ndi A. Elmer Crowell wa ku East Harwich, konkuno ku Cape Cod, yemwe anabadwa mu 1862 n'kumwalira mu 1952. Anali mlenje, anagwirapo ntchito yoyang'anira malo osakira abakha a Dr. John C. Phillips ku Wenham Lake, ndipo cha m'ma 1912 kusema kunasanduka ntchito yake ya tsiku ndi tsiku. Iye ndi mwana wake Cleon anasema timbalame tambirimbiri toika pashelefu, togulitsa kwa alendo obwera kudzapuma kunyanja m'chilimwe. Mu 2007 mbalame zake ziwiri zazikulu, bakha wa pintail wodzikonza nthenga ndi tsekwe wogona, zinagulidwa pa madola 1.13 miliyoni iliyonse. Ndalama imeneyo ine imandizunguza mutu, ndipo sindibisa, ndimaona kuti pamenepo anthu akugula dzina.

Koma nditagwira kambalame kake kenikeni, komwe aphunzitsi anabweretsa katakulungidwa m'kansalu, ndinasiya kaye zonyoza. Ndi galasi lokuzira zinthu, nthenga za pamsana sizioneka ngati mizere yojambula. Crowell ankasakaniza mitundu penti asanaume, moti woderapo amalowerera mwa woyererapo popanda malire ooneka, ngati mmene mtambo umathera. Mutu unali utapendekeka pang'ono, ngati kamva phokoso kumbuyo. Munthu amene wakhala m'mabango mbandakucha kudikirira mbalame ndi amene angadziwe kapendekedwe kameneko.

Ife ophunzira tinkathamangira kutembenuza mbalame iliyonse kuti tione chidindo pansi pake. Crowell anagwiritsapo chidindo chobulungira ngati dzira, pambuyo pake china cha makona anayi, ndipo zimenezi zimathandiza kuyerekeza nthawi imene chinthu chinasemedwa. Aphunzitsi anatiletsa. Anamata kapepala pansi pa mbalame zisanu n'kutiuza kuti tinene wosema wake poona mlomo, maso, mchira ndi kayendedwe ka bulashi basi. Chidindo, iwo amati, munthu wachinyengo angathe kuchipanga Loweruka limodzi. Ine ndinalondola imodzi yokha, ya George Boyd wa ku Seabrook ku New Hampshire, ndipo ndinaidziwira timing'alu ta penti wake tooneka ngati dothi la padambo m'mwezi wa Okutobala. Ya wosema wina, Joseph Lincoln wa ku Accord ku Massachusetts, ndinaitcha ya Crowell, anzanga n'kuseka.

Zina ndangozidutsa pamwamba. Abale awiri a ku Crisfield ku Maryland, Lem ndi Steve Ward, omwe anali ometa tsitsi, wina wokonda kusema wina kupenta, ndangowerenga za iwo koma sindinagwirepo ntchito ya manja awo. Chimodzimodzi zotolera za Joel Barber, katswiri wojambula mapulani a nyumba wa ku New York amene anali m'gulu la oyamba kuona nyambozi ngati luso, zomwe zikusungidwa ku Shelburne Museum ku Vermont. Ulendo umenewo ukudikira thumba.

Chimene chikundivutabe ndi kuzindikira pamene pakonzedwa. Milomo ya timbalame ta m'mphepete mwa nyanja ndi yopyapyala ngati ndodo ya machesi, imathyoka msanga, ndipo okonza aluso amalumikiza wina n'kupenta mwakuti diso silingaone. Pansi pa nyali ya UV penti watsopano amaoneka wakuda kusiyana ndi wakale, koma pamafunika kuzolowera. Ine ndimaona mawanga paliponse, ngakhale pomwe palibe kanthu. Ogula zodula amafika pojambulitsa mbalame pa X-ray kuti aone misomali ndi zomatira zamkati.

Kabakha kanga si ka Crowell, si ka Boyd, wosema wake sadziwika. Aphunzitsi akuti ndi bakha wamphongo wa mtundu wa mallard, ntchito ya munthu amene ankadziwa abakha, ndipo ndikanakasiya ndi fumbi lake kakanagulidwa kuposa madola 30 anga aja. Polishi anandiuza kuti ndisayese kumuchotsa ndekha, ndingaonjezere bala. Ndinakachotsa pawindo chifukwa dzuwa limafwifwitsa penti, pano kali pashelefu ya mabuku, ndipo fumbi ndimangolipukuta ndi kabulashi kofewa kouma. Lachinayi likubwerali tikuphunzira za maso, agalasi, a misomali ndi ongopenta. Andipempha kuti ndibwere nako, ophunzira atsopano aone pamsana pake.